Ulendo wathu wa ku nyumba ya malamulo ya Nebraska

Anzanga, ndinalonjeza kuti ndidzakufotokozerani za ulendo uja wa ku Lincoln, likulu la state ya Nebraska ku America. Gulu lathu la ophunzira ochokera kunja linapita kukaona mmene anzathu ma intern (omwe akuphunzira ntchito) amagwirira ntchito nthawi yomwe nyumba ya malamulo ya Nebraska ikukumana, kunja kukuzizira koopsa moti ena tinalowa tikunjenjemera ndi majekete omwe.

Mwa ma state onse 50 a ku America, Nebraska yokha ndi yomwe ili ndi nyumba ya malamulo imodzi basi m'malo mwa ziwiri, anayamba zimenezi mu 1937 atalimbikira kwambiri George Norris, yemwe ankaimira Nebraska ku senate ya dziko lonse la America, ndipo chipinda chomwe amakumaniramo chinatenga dzina lake. Aphungu alipo 49, onse amatchedwa ma senator, ndipo pa pepala lovotera salembapo chipani. Ine zinandikumbutsa kwathu, paja senate yathu ija inalembedwa mu malamulo a 1994 koma inachotsedwa mu 2001 isanakhale ngakhale tsiku limodzi.

Ma intern amagawidwa m'maofesi a ma senator. Ntchito yawo ndi kuyankha mafoni ndi makalata a anthu a kudera, kuwerenga mabilu n'kulemba mwachidule kuti abwana amve msanga. Ndipo ntchitoyo si yamasewera, chifukwa pafupifupi mabilu onse amalowa m'masiku 10 oyambirira ndiye mapepala amangounjikana, pomwe nthawi yokumana ndi masiku 90 chaka china, 60 chaka chinacho. Palinso ma page, ophunzira a ku koleji omwe amakhala kutsogolo m'chipindamo, senator akadina batani mmodzi amanyamuka kukamva chomwe akufuna.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi cha masana ku komiti. Kumeneko pafupifupi bilu iliyonse imayenera kumveredwa poyera, ngakhale ikhale yoti aliyense akudziwa kuti sipita patali. Munthu wamba amangolemba kafomu kobiriwira, n'kupereka, n'kukhala pampando kutsogolo kwa ma senator, kutchula dzina lake chilembo ndi chilembo kenako n'kuyankhula. Pali timagetsi, kobiriwira yankhulani, kachikasu yatsala mphindi imodzi, kofiira basi mwatha. Tinaona alimi, aphunzitsi, makolo, ena mawu akunjenjemera pepala lili m'manja, ma page akuthamanga kugawa makope a zomwe anthuwo alemba kwa senator aliyense. Mnyamata yemwe amatiperekeza anatiuza kuti iye amakhala kumbuyo n'kumalemba zonse, mawa lake abwana ake amafunsa kuti anthu aja anati chiyani.

Pobwerera mu basi tinakangana zedi, ena akuti ma state aang'ono okha ndi omwe angakwanitse zimenezi. Ine ndikuti makomiti athu ku Lilongwe atha kuyamba ndi mabilu okhudza malo ndi ulimi, ndipo ophunzira a ku Zomba ndi ku Mzuzu alipo ambiri oti angagwire ntchito ya u intern imeneyi atapatsidwa mpata.