Ndinamukana katatu, ndiye analira

Poti ena mwayamba kale kundiitana kuti Petulo pa gulu la WhatsApp, ndiloleni ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanafike ku Mzuzu itamera nyanga.

Lamulungu lapitali linali tsiku lothokoza abusa. Mlaga uliwonse umabwera ndi zake: thumba la chimanga, shuga, sopo, mafuta ophikira. Amayi a Mvano, atatchena zoyera zawo, ananyamula chitenje cha amayi busa. Ine mlaga wathu unandipatsa tambala, akuti poti ndimadziwa kuvina. Ndinakamugula ndekha ku msika wa Limbe, wofiira, wonenepa, wa maso a munthu woti ali ndi mlandu kukhoti. Koma amene anamanga miyendo yake ndi mlamu wanga, ndipo izi zilembedwe. Mlamu wangayo ngakhale zingwe za nsapato zake zimamasuka zokha.

Nyimbo itayamba tinalowa mondondozana, abusa ndi amayi busa atakhala kutsogolo akumwetulira. Ndinamukweza tambalayo m'mwamba ngati chikho cha mpira. Ndikuvomera, ndinazungulira kawiri. Mwina katatu. Kenako ndinangomva m'manja mwapepuka. Kuyang'ana, ndatsala ndi kachingwe ndi nthenga ziwiri.

Tambala uja anaponda pa dazi la mkulu wa mpingo, anakwapula duku la mayi wina, n'kukatera pa gome penipeni, pamwamba pa Baibulo lalikulu lija. Anaima. Anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja, mwaulemu, ngati mlaliki amene akudikira kuti ochedwa akhale pansi. Anakweza mwendo umodzi n'kuusiya m'malere, osautsitsa. Mnyamata wa kiyibodi anasiya kuyimba. Tchalitchi chonse zii, moti ndinkamva mtima wanga ukugunda m'makutu.

Alembi a mpingo anafunsa pa maikolofoni: "Abale, tambalayu ndi wa mlaga uti?"

Kachingwe kaja ndinakalowetsa m'thumba mwakachetechete.

Mayi amene anali pambali panga anandinong'oneza: "Achimwene, si wanu uja?" Ndinati, "Ayi mayi, sindikumudziwa."

Adikoni anandiyandikira: "Bambo, si inu munalowa naye?" Ndinati, "Ine ndanyamula shuga." M'manja mulibe kanthu, nthenga ili pa jekete.

Ndiye mwana wanga wamkazi, wanga wobereka ndekha, ali pa benchi la ana a Sande sukulu, anaimirira n'kuloza: "Adadi, tambala wathu uja uyo!" Ndinakuwa, "Khala pansi iwe, si wathu!"

Pomwepo tambala anatsitsa mwendo uja, anatambasula khosi mpaka kufika pa maikolofoni ya pa gome, n'kulira. Kokoliriko! Masipika onse anayi anamuthandiza. Ndikukhulupirira kuti anthu a ku Ndirande anadzuka kachiwiri poganiza kuti kwacha.

Abusa anavula magalasi, misozi ikutsika, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anati, "Abale, Mateyu 26 lero tamuona ndi maso athu." Amayi a Mvano anagwerana. Mkulu wa mpingo uja ankaseka akusisita dazi lake.

Koma tiyeni tilankhule chilungamo. Petulo anakana Ambuye, ine ndinakana nkhuku. Zinthuzi zikusiyana kutali. Komanso ndani mwa inu akanakweza dzanja pamene chiweto chake chaima pa Baibulo? Petulo anatuluka kukalira, ine ndinatuluka kukathamangitsa tambala ndi anyamata a kwaya, mpaka tinakamugwirira kuseri kwa zimbudzi, thalauza yanga ya suti itang'ambika pabondo.

Lachitatu amayi busa anandiimbira foni kuthokoza. Anati nyama yake inali yolimba pang'ono, mwina chifukwa chothamanga. Mlamu wanga mpaka lero akuti anamanga bwinobwino. Chaka chamawa ndalembetsa kale kunyamula sopo.