Ndamaliza mankhwala, ndabwera kudzathokoza

Abale ndi alongo, Lachinayi lapitali adokotala anandiuza kuti chotupa cha m'bere sichikuonekanso, mankhwala a khansa ndamaliza, ndizingopita kukapimidwa nthawi ikakwana. Masiku atatu ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Lero ndati ndingonena monga mtima ukundiuzira.

Ulemu upite kwa Mulungu. Kenako inu bambo a kunyumba, amene kwa miyezi 8 mumaweruka ntchito ya usiku n'kundiperekeza kuchipatala musanagone n'komwe. Tsitsi litayamba kuthothoka munandimeta ndi manja anu, misozi ili m'maso, mukuyesa kuti sindikuona. Ndinaona. Amayi anga ku Dedza, simunaphonye tsiku osaimba pa WhatsApp, ngakhale netiweki imadukaduka. Amayi a kutchalitchi, munasinthanasinthana kubweretsa phala ndi nsima ya ndiwo za therere pamene pakamwa panga pankakana china chilichonse. Anamwino a kuchipinda cha kemo, kumene timalandirira mankhwala a khansa, mayina anu ndawasunga mumtima.

Pali agogo ena amene sawerenga izi, poti Chichewa sachimva, koma mwana wanga walonjeza kukawamasulira. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Newmarket, ku England, tauni imene magalimoto amaima kuti mahatchi awoloke msewu. Agogowa anagwira ntchito m'makola a mahatchi a mpikisano kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atakana: kupala ndowe kusanache, kupesa mahatchi, kuwakwera pokawathamangitsa. Tsiku limene ndinakawatsanzika kuti ndikuima ntchito chifukwa cha matenda, ndinkayembekeza mawu achisoni. Iwo anangondiloza mpando n'kundifunsa ngati ndinamvapo za a Henry Cecil. Ndinali ndisanamvepo, ngakhale ndinali nditakhala m'tauni yawo zaka zingapo.

A Cecil anali katswiri wophunzitsa mahatchi a mpikisano. Anabadwa mu 1943 bambo awo atamwalira kale kunkhondo, anayamba kuphunzitsa paokha mu 1969, ndipo anakhala ngwazi ya ophunzitsa onse a ku Britain maulendo 10. Mpikisano wa Derby anaupambana kanayi, wa Oaks maulendo 8. Kukhola kwawo ku Warren Place ankakweza mbendera ya banja lawo hatchi ikapambana mpikisano waukulu, ndipo agogo amati panali zaka zimene anthu anazolowera kuiona ikupepeza.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mu 1995 Sheikh Mohammed wa ku Dubai, mwini mahatchi ambiri, anachotsa mahatchi ake onse m'manja mwawo. Mu 2000 mphwawo amene anabadwa naye mapasa, a David, anamwalira ndi khansa. Mu 2005, munthu amene ankapambana mipikisano yoposa 100 pachaka anangopambana 12 yokha, makola ambiri ali pululu, opanda hatchi. Chaka chotsatira anawapeza ndi khansa ya m'mimba. Apa agogo anaima kaye, n'kundiyang'ana, kuti aone ngati ndikumvetsera.

Chimene ankafuna ndimve si zikho ayi. Ankati a Cecil, ali pa mankhwala omwewa amene ine ndinkawaopa, ankadzukabe m'mawa kupita pa Warren Hill kukaona mahatchi awo akukwera chitunda. Mu 2007 hatchi yawo yaikazi, Light Shift, inapambana Oaks, anthu n'kuwaombera m'manja ngati m'bale wobwera kutali. Prince Khalid Abdullah wa ku Saudi Arabia, mwini mahatchi amene sanawataye pa nthawi ya mavuto, anawapatsa mwana wa hatchi kuti amuphunzitse, dzina lake Frankel, dzina lokumbukira a Bobby Frankel a ku America, ophunzitsa mahatchi amene anamwalira mu 2009. Frankel anali wamagazi otentha, wofuna kutha mphamvu zonse pa chiyambi pomwe, ndipo ntchito yaikulu ya a Cecil inali kumuphunzitsa kudekha. Anathamanga maulendo 14 pakati pa 2010 ndi 2012, wokwera wake ali Tom Queally, ndipo sanagonje n'kamodzi komwe. Ku York mu Ogasiti 2012 a Cecil anafika ataonda, ali ndi ndodo, mawu akungonong'ona, koma anafika.

Agogo sanandibisire mathero. A Cecil anamwalira pa 11 Juni 2013 ali ndi zaka 70, khansa yomweyo. Poyamba zinandipweteka, ndinati nanga mwandiuziranji nkhani ya munthu amene sanachire? Anandiyankha kuti iwo si dokotala, za kuchira sangandilonjeze, koma akufuna ndiziwaimbira foni m'mawa uliwonse kuwauza mahatchi angati ndawaona pa Warren Hill, popeza iwo miyendo siwalolanso kukafikako.

Ndiye ndinayamba kupita. Sabata ya kemo ndinkalephera, thupi lili lende, fungo la tiyi lokha likundichititsa nseru. Koma masiku ena onse ndinkavala chipewa ndi majuzi awiri, n'kukaima pambali pa mpanda m'chisanu chija. Mumayamba mwamva ziboda, kenako mpweya wawo, kenako n'kuwaona akutulukira m'nkhungu awiriawiri, nthunzi ikufuka pamsana. Ndikaimba foni agogo sankafunsa za matenda. Ankafunsa mtundu wa hatchi, ngati imakoka zingwe, ngati mnyamata wokwerayo anakhala bwino. Kwa mphindi 10 zimenezo ndinkakhala munthu wotumidwa ntchito, osati wodwala. Ndikabwerera kunyumba ndinkapeza kuti njala yandigwira, ndipo amene anadutsapo m'njira imeneyi akudziwa kuti njala ndi nkhani yabwino.

Sindinawaoneko a Cecil ndi maso, komabe ndikuwathokoza, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana a m'makola amene ankandikwezera dzanja ali pamsana pa hatchi osadziwa kuti mayi wa chipewayu ndani.

Agogo, zikomo. Munandipatsa chifukwa chovalira nsapato m'mawa. Ndalankhula kale ndi ana anu ndipo avomera: Loweruka likubwerali ndifika 7 koloko ndi bambo a kunyumba, njinga yanu yokhalapo tiipinda n'kuiika m'galimoto, bulangete ndibweretsa ine. Mahatchiwo mukawerenge nokha.