Zikomo abale, dzina lalowa pa plan

Zatheka. Dzulo madzulo andilandira kukhala local preacher, mlaliki wamba, mu mpingo wa Methodist kuno ku Manchester. Kolala ndilibe, sindine m'busa, mawa m'mamawa ndili pa shifiti kusambitsa agogo anga ngati kale, koma pa plan ya circuit yathu, ndandanda wa olalikira m'matchalitchi a dera lathu, dzina langa silidzalembedwanso kuti "on trial", wongoyesedwa. Mapazi atupa, mawu asasa, tulo sitikubwera nde ndangoti ndilembe.

Za chaka chatha mukuzidziwa, sindibwereza zonse. Kampani ndinkagwirako ntchito ija ataiilanda laisensi ya ma visa kalata inabwera yoti masiku 60, peza wina wokulemba ntchito apo ayi longedza. Nthawi imeneyo ndinali pakati pa maphunziro, ma asainimenti akundidikira, kumudzi fizi ya ana ikudikiranso, ine Baibulo kulitsegula ndimangoona zilembo basi.

Amayi anga a ku Jamaica, mentor wanga, ndikudziwa Facebook simuifuna koma mdzukulu wanu akuwerengerani ndi kukumasulirani. Tsiku ndinakuuzani kuti ndasiya zolalikira simunanditsutse, munangofika ndi mpunga wa nyemba mu kontena ya ayisikilimu, kukhala pa bedi poti mpando mulibe mchipinda muja, nkunditsegulira Genesis 16. Hagara. Wantchito wa m'nyumba, mlendo wochokera ku Igupto, mabwana amugwiritsa ntchito mpaka wathawira kuchipululu ali ndi pakati, ndipo ndi iyeyo amene akumutcha Mulungu dzina, kuti ndi Mulungu wondiona. Munati ulaliki wako ndi umenewu, ulembe ukadali kulira. Ndinaulalikira pa trial service yanga ndipo ma carer atatu a ku Zimbabwe anakhala kumbuyo aja sanadzuke mpaka tiyi anazizira.

Amayiwa makolo awo anabwera m'ma 1960, ndipo atapita kutchalitchi Lamulungu loyamba anauzidwa pakhomo mwaulemu kuti zikomo pobwera koma musadzabwerenso, anthu sakumasuka. Nchifukwa chake mpaka lero ndi ndodo yawo amaima pakhomo iwowo kupereka moni, kaya wabwera ndi wa pa wilutcheya, kaya ndi asylum seeker wa ku Iran, kaya wanunkha mowa wa dzulo. Lamulungu mabasi akumidzi ndi ovuta nde ankanditenga pa kagalimoto kawo kupita ku timachapelo ta anthu ochepa, iwo kukhala benchi lomaliza ndi kabuku, ndikathamanga Chizungu amakweza cholembera m'mwamba. Koma katchulidwe kanga anandiletsa kusintha, amvekere lankhula pang'onopang'ono basi, L ndi R wakoyo azolowera. Ndi iwonso anandifotokozera kuti John Wesley, amene anayambitsa Methodist, atamva kuti Thomas Maxfield, munthu wamba, wayamba kulalikira ku London anathamangira kukamuletsa, amene anamubweza ndi mayi ake Susanna. Nde amati mpingo uno ulaliki wa anthu wamba anaupulumutsa ndi mzimayi, iwe ukuopa chani.

Ambuye muwasunge amayi amenewa, bondo lija muligwire, mundipatseko zaka zina ndili nawo.

Zikomo abusa athu, zikomo a kwaya poyesetsa korasi ya Chichewa ija ngakhale inatuluka mwa mtundu wina, ndinaseka ndikulira. Achemwali anga ku Chilomoni munagona mochedwa kudikira vidiyo, zikomo. Azibambo awiri aja okwatirana amene amakhala kutsogolo kumanzere, ndi inu munandikonzera CV, ndi inu munandipezera malo amene ndikugwira panowa, lendi ya mwezi umene ndinalibiretu munalipira osauza munthu, ndinadziwira kwa landilodi.

Ndikunena dala zimenezi poti alipo ena a kwathu konkuno anasiya kundiyankha pa WhatsApp, eti ndimapemphera kwa a Sodomu chifukwa mu 2021 a Methodist kuno anavomera maukwati oterewa. Ena ndi aja a 1 Timoteyo 2, mkazi asaime pa guwa. Chabwino, tikhoza kukhala pansi ndi ma Baibulo tikambirane, ine sindithawa, Machitidwe 8 ndabwera nayo kale ya mdindo wa ku Itiyopiya uja. Kungoti nthawi ya masiku 60 ija foni yanga inali yomweyi, nambala sinasinthe, ndipo ma overnight anu ankachitika mtunda wa basi imodzi kuchokera pakhomo panga. Sindinakwiye, ndangokumbukira.

Amayi, Baibulo anandipatsa dzulo lija ndikufuna mulembemo inu tsamba loyamba, ndibwera nalo Lachinayi ndikaweruka. Mwezi wa mawa andiika ku chapelo chakutali chija ndipo mwanena kale kuti muyendetsa ndinu, sindikutsutsani koma petulo ndithira ine.

Amene munasiya poto wamkulu wa nsima ndi chitenje chobiriwira mu holo, zili kwanga.