Kodi msilikali angakane jakisoni?

Sabata yatha aphunzitsi athu a malamulo a nkhondo anatipatsa ntchito yomwe ndinaiona ngati masewera: tiwerenge nthano ya Captain America n'kuiyeza ndi malamulo enieni. Ndinaseka chamumtima. Nkhani zazithunzi za ana zilowa bwanji pa mayeso?

Joe Simon ndi Jack Kirby anatulutsa nthanoyi ndi deti la Malichi 1941, pachikuto ngwaziyo ikutibula Hitler chibakera, dziko la America lisanalowe n'komwe m'nkhondo. Steve Rogers ndi kamnyamata koonda komwe kanakanidwa usilikali. Kanavomera kubayidwa mankhwala, n'kusanduka chiphona chotchedwa Captain America. Ine ndinayamba kulemba za zomwe chiphona chotere chingachite kwa akaidi a nkhondo ndi anthu wamba, zija za m'mapangano a ku Geneva a 1949. Nditadzaza tsamba limodzi ndinaling'amba.

Chinandisintha maganizo ndi nthano ina ya mu 2003, ya Isaiah Bradley. M'menemo asilikali akuda 300, mmodzi mwa iwo ndi Bradley, akutengedwa kukayeseredwa mankhwala omwewa popanda kufunsidwa, ndipo ambiri akufa. Olemba sanangozipeka. Ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, kuyambira 1932 mpaka 1972, a zaumoyo a boma la America ankangoonerera amuna akuda pafupifupi 400 akuvutika ndi chindoko, osawapatsa mankhwala ngakhale penicillin atapezeka. Zaka 40! Ndinaika foni pansi kaye, nsima yomwe ndinali kudya inazizira m'mbale.

Mfundo yoyamba ya malamulo a ku Nuremberg a 1947, okhudza kuyesera mankhwala pa anthu, imati munthu asayeseredwe chilichonse asanavomere yekha mwaufulu. Papepala n'zomveka. Koma msilikali amaphunzitsidwa kuti bwana akalamula palibe kufunsa. Ndiye "inde bwana" wake titi n'kuvomera? Mu 1940 asilikali a Germany anagawiridwa mapiritsi a Pervitin okwana 35 miliyoni kuti asagone pothira nkhondo France. Ndikukaika ngati alipo anafunsidwa maganizo.

Mnzanga wina m'kalasi anati zimenezo n'zakale, za a Nazi. Aphunzitsi anangomukumbutsa za 2002, pomwe woyendetsa ndege ya nkhondo ya America anaponya bomba pafupi ndi Kandahar ku Afghanistan n'kupha asilikali anayi a Canada, anzawo a mbali imodzi. Maloya ake ananena kuti mapiritsi ochotsa tulo omwe akuluakulu ankapereka anasokoneza kaganizidwe kake. Kaya zinali zoona kaya inali njira yozembera mlandu, funso limatsalabe: wolakwa ndi wodina batani, kapena wopereka piritsi? Ine ndalemba kuti onse awiri, koma wapiritsiyo asamazimirire m'nkhani monga amachitira nthawi zambiri. Aphunzitsi alemba m'mphepete ndi cholembera chofiira kuti ndifotokoze bwino, ndipo akunena zoona, ndinathamanga pamenepo.

Chomwe chikundivutabe ndi mathero a anyamata awiri aja. Rogers anapatsidwa chishango ndi ulemu, anthu n'kumati mankhwala anagwa pa munthu wamtima wabwino. Bradley anatumidwa ku Germany pa ntchito yomwe akuluakulu sankayembekezera kuti angabwereko wamoyo. Atabwerera anamuimba mlandu woba yunifolomu ya Captain America yomwe anavala popita, ndipo anakhala m'ndende zaka 17.