A ku likulu lakale tinakaona likulu latsopano: lipoti la ulendo wa ku Lilongwe

Lipoti lija mwakhala mukundikumbutsa nali, ndipo amene munatsala musadzandifunsenso pamsonkhano kuti kunali bwanji. Mukudziwa kuti chiyambire chaka gulu lathu lakhala likuwerenga mbiri ya malikulu awiri a dziko lino. Za Zomba sitinavutike. National Archives ili pakhomo pompano kuyambira 1947, nyumba yakale ya bwanamkubwa imene lero ndi Hotel Masongola timaidutsa tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense wa ife amadziwa kuti boma la atsamunda linakhazikika kuno mu 1891. Pa Lilongwe ndi pamene tinatuluka thukuta. A Hedi atafufuza anabwera ndi mabuku awiri: Lilongwe: A Historical Study la P. A. Cole-King, lotuluka mu 1971, ndi From Vision to Reality la Geraint Richards, losindikizidwa ku Johannesburg mu 1974. Eni ake sanalole kuti mabukuwo ayende, choncho tinajambulitsa masamba amene tinkawafuna, a Hedi n'kuwasanja bwino m'katoni ya sopo. Katoniyo muikumbukire.

Tinagwirizana kunyamuka 5 koloko m'mawa Lachinayi. Tinanyamuka dzuwa litatuluka kale chifukwa a Tcheya anabwerera kukatenga jekete, ati sangakaime pamanda a Kamuzu atavala shati yokha. Pa Liwonde tinaimba, pa Balaka tinaimba, pofika pa Chingeni ambiri anali akusinza.

Tsopano nkhani ya thobwa, imene ndiifotokoze mwachilungamo chifukwa yamveka mosiyanasiyana. Amayi a Msungichuma anatiphikira thobwa la mawere mwa kufuna kwawo, ndalama ya gulu sanakhudzeko. Analiphika Lolemba. Analithira m'chigubu chachikulu mpaka kukamwa, n'kutseka ndi pulasitiki, n'kumanganso chivindikiro ndi mphira kuti lisatayike. Kondakitala anaika chigubucho kumbuyo, pamene dzuwa linkalowera pawindo, ndipo pansi pake anaikapo katoni ya a Hedi. Titadutsa pa boma la Ntcheu, basi ikukwera chitunda, tinangomva phuu! Dalaivala anaponda buleki poganiza kuti tayala laphulika. Achimwene athu a kwaya anafuula dzina la Yesu. Titacheuka tinaona thobwa likutsika kuchokera kudenga la basi, lina m'khosi mwa jekete lija la a Tcheya, lambiri m'katoni.

A Hedi sanalankhule kanthu mpaka pa Lizulu, ndipo amene anaphunzitsidwapo ndi iwo akudziwa kuti kukhala chete kwawo n'koopsa kuposa kukalipa. Titatsika anati, "Amayi, thobwa la masiku onsewa mumatseka ndi mphira? Sayansi ya Sitandade 6 imeneyi." Amayi a Msungichuma anayankha, "Bambo, inu mumati tikamwe mapepala anuwo? Amene anaika katoni pansi ndine?" Apa kondakitala anazemba, ati akukayang'ana madzi a injini. Mawu anachuluka. Zinatulukira ndi zakale, za malisiti a chaka chatha, za amene sanapereke ya chipepeso, zimene sindilemba muno. Anawaleretsa ndi Gogo, amene anangoti, "Ana inu, mapepala akuuma inu mukulongolola? Yanikani."

Tinayanikadi. Tangoganizani anthu akuluakulu, ena opuma pa ntchito za boma, atandanda m'mbali mwa msewu wa M1 akuyala masamba onunkha thobwa pa udzu, kutsendereza ndi timiyala. Amayi ogulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere anatizungulira, mmodzi n'kufunsa ngati mapepalawo tikugulitsa, akufuna okulungira tomato. Ndiye inabwera thiraki. Mphepo yake inanyamula masamba angapo n'kuwaolotsa msewu. Pajatu pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique. Mnyamata wathu wa ku koleji anathamangira n'kubwera nawo, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akutchedwa Kazembe, poti ndiye anakabweza mbiri ya Lilongwe imene inatuluka m'dziko popanda pasipoti. Masamba ena anamatana moti sitinathe kuwalekanitsa. Thobwa lotsala m'chigubu tinamwa pomwepo, ndipo ndinene poyera kuti linali lokoma. A Hedi anamwa makapu awiri.

Mu Lilongwe tinalowa madzulo, kudzera pa Nathenje ndi pa mphambano ya ku Bunda. Malo ogona anatikonzera ku Area 25. Dalaivala, amene ku Zomba analumbira kuti Lilongwe amaidziwa yonse, anayamba kuyendetsa pang'onopang'ono n'kumasuzumira zikwangwani. A Hedi, mtima utakhalako pansi, anatenga udindo. Anafunsa wakabaza kuti Area 24 ili kuti, atalozeredwa anati tipite kumeneko, chifukwa 25 singakhale patali ndi 24. Masamu ake anali olondola, koma Lilongwe sinamangidwe ndi masamu amenewo. Area 24 ili kummwera, kupitirira Kawale, pamene Area 25 ili kumpoto kwenikweni, kufupi ndi Kanengo. Manambala aja satsata kuyandikana kwa malo. Tinazungulira m'fumbi mpaka mdima, kenaka Gogo, amene anakhalapo ku Lilongwe kale, anasamukira kutsogolo n'kuyamba kulamula: khota apa, pita molunjika, usalowe umo. Misewu yasintha, pa Area 18 pali msewu wodutsa pamwamba pa unzake umene iwo sanausiye, koma mbali ya kumpoto sanaiiwale. Tinafika anthu a mpingo amene anatilandira atatenthetsa ndiwo kawiri.

Lachisanu tinayambira ku Old Town, pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, womwe umachokera ku Dzalanyama ndipo ndiwo unapatsa mzindawu dzina. A Hedi anawerenga pa tsamba lokhakhala ndi thobwa, magalimoto akulira, mavenda akutikankha. Boma linakhazikitsidwa pamenepa mu 1902, m'dera la mfumu Njewa, ndipo pofika 1904 linali likulu la boma la chigawocho. Linakula chifukwa cha fodya ndi misewu imene inkakumanapo, n'kudzatchedwa tauni mu 1947. Zimenezi zikumveka ukaima pamenepo, pakuti mbali yakaleyi ndi ya malonda mpaka lero: mashopu a amwenye, mzikiti, msika waukulu, depoti ya mabasi, msewu wa Malangalanga. Kumunsi kwa mlatho kuli timilatho tamitengo timene anyamata anakhoma okha, ndipo ukawoloka umalipira. Amayi a Msungichuma anakana kulipira pa thumba la gulu, ati palibe lisiti.

Kenaka tinapita ku likulu la National Library Service ku City Centre, kumene anatilandira bwino. Anatifotokozera mmene amasanjira mabuku onena za Malawi, mmene gulu ngati lathu lingalembetsere kuti lizibwereka mabuku, ndi kasungidwe ka mabuku akale kuti asadyedwe ndi njenjete ndi chinyezi. Anatikumbutsanso kuti nkhani zambiri za mbiri ya mizinda zili m'magazini ya Society of Malawi, imene laibulale yake ili ku Mandala House ku Blantyre. Pa kasungidwe ka mapepala paja anthu onse anayang'ana amayi a Msungichuma, iwo n'kuyang'ana kudenga.

Chimene chinandikhalira mumtima ine chinachitika ku Capital Hill. Mbiri yake mukuidziwa: Kamuzu analengeza mu 1965 kuti likulu lichoke ku Zomba, ati Zomba yapanikizika ndi phiri, ili kummwera kwambiri, ndipo chitukuko chiyenera kufika pakati ndi kumpoto. A ku Britain anakana kuthandiza. Ndalama zoyambira, ngongole ya 8 miliyoni randi, zinachokera ku South Africa ya tsankho, dziko limene Malawi inali itangomanga nalo ubale wa ukazembe mu 1967 maiko ena a mu Africa akulinyanyala. Bungwe la Capital City Development Corporation linayamba ntchito mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. A Hedi ali pakati powerenga zimenezi, Gogo anawadula. Analoza nyumba ina ya maofesi n'kuti, "Ine ndinkataipa mmenemo." Tonse tikudziwa kuti anali taipisiti wa boma, koma ndani wa ife anawafunsapo za kusamuka kuja? Anatiuza za malole onyamula mafailo ndi makabati kuchoka ku Zomba, za nyumba ya ku Area 18 imene anapatsidwa ikununkha simenti, pabwalo popanda ngakhale mtengo wa mango. Anatiuza za fumbi lofiira lolowa m'makina otaipira, za afisi olira usiku kuseri kwa nyumba, za akazi a mabwana amene ankalira kufuna kubwerera ku Zomba kozizira. Anatinso panali midzi pamene pali maofesi ndi misewu pano, anthu ake anasamutsidwa, ndipo ena ankabwera kudzagulitsa nkhuni kwa iwo amene anakhala pa minda yawo yakale. A Hedi anapinda mapepala aja n'kuwaika m'thumba. Kazembe ndiye anachita nzeru, anayatsa foni n'kujambula zonse.

Ndinene maganizo anga, ngakhale mlembi safunsidwa. Mabuku athu awiri aja ndi othandiza, koma onse anatuluka Lilongwe isanakhale n'komwe likulu, onse ndi a m'Chingerezi, ndipo anatuluka m'nthawi imene wolemba ankayamba wayang'ana kumbuyo asanalembe za boma. M'masamba amene tinanyamula simunali mawu a taipisiti, a mmisiri woumba njerwa kapena a mwini munda. Masana tinafunsa kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu ngati ali ndi buku lililonse la mbiri ya Lilongwe m'Chichewa. Anatipatsa mabuku a mayeso a Fomu 4, a mapemphero ndi a mmene ungalemerere msanga. Ntara analemba Mbiri ya Achewa kalekale m'chinenero chathu, ndiye chikutikanika n'chiyani ife? Mchesi, Kawale, Biwi, Mtandire, Chinsapo, anthu ake alipo ndipo akukalamba.

Pamanda a Kamuzu tinafika jekete la a Tcheya litauma koma likuitana ntchentche. Iwo sanalivule. Kamuzu anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, ndipo chinyumba chokongola chili pamandapo chinatsegulidwa mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Pali ngodya zinayi zija, ndipo onse opitirira zaka 50 anazitchula pamtima osayang'ana: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ena anazitchula monyadira, ena nkhope zili gwa, poti pakati pathu alipo amene abale awo anagona ku ndende ya Mikuyu. Palibe anatsutsa mnzake pamenepo, ndipo ndikuthokoza.

Mkangano unabuka pa Nyumba ya Malamulo, pafupi pomwepo. Achimwene a kwaya anati Lilongwe inatibera zonse. A Tcheya anawakumbutsa kuti aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994, kenaka anasamukira ku New State House, kumene Bingu anadzawatulutsako atafuna kukhalamo yekha, ndipo nyumba yawoyawo, yomangidwa ndi thandizo la China, inatsegulidwa mu 2010. Ndiye kuti, anatero a Tcheya, kwa zaka pafupifupi 20 Lilongwe inali likulu lopanda nyumba ya malamulo, malamulo ankachokera kwathu. Tinaomba m'manja ngati tawina chikho. Pa chipilala chokumbukira asilikali a nkhondo zikuluzikulu ku Area 18, pamene palinso chiboliboli cha Kamuzu atanyamula litchowa, tinagwirizana tonse kuti n'chachitali ndithu koma chathu cha asilikali a King's African Rifles (KAR) cha pa Cobbe Barracks chili ndi ulemu wake. Mayi wina wa ku Lilongwe amene ankatimvera anangoti, "A ku Zomba inu, phiri lija mudya?" Sitinamuyankhe. Bingu National Stadium tinangoionera pawindo, mafuta anali atayamba kutidetsa nkhawa chifukwa cha kuzungulira kwa dzulo lake.

Nkhomaliro tinadya mochedwa kumsika: nsima, nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera ndi nyemba. Atatu amene anaitanitsa chambo anadandaula mtengo, ndipo tinawauza kuti munthu wochokera kufupi ndi Liwonde sakagula nsomba ku Lilongwe. Wina amene sindimutchula, koma amakhala kutsogolo kutchalitchi, anadya mitanda isanu n'kunena kuti alibe chilakolako.

Zikomo kwa a mpingo a ku Area 25 chifukwa cha malo ogona, madzi otentha ndi kudikira kwanu. Zikomo a Tcheya poyendetsa gulu mutavala thobwa. Zikomo amayi a Msungichuma, ndalama zinakwana ndipo zatsalako, lipoti lawo adzawerenga okha. Zikomo a Hedi chifukwa cha mapepala, ndiponso povomera pa Dedza, pobwerera, kugawana chimanga chootcha ndi amene munakangana nawo. Kazembe, zimene unajambula zija usafufute, ndipo foniyo usabwereketse. Adalaivala, tinafika amoyo, zinazo tazisiya. Gogo, inu ndiye tilibe mawu.

Pamsonkhano wa mwezi uno tidzamvera zimene Gogo ananena ku Capital Hill ndi kusankha anthu awiri oti azilembe m'Chichewa, ndipo Gogo alonjeza kubweretsa zithunzi zawo za ku Area 18 ngati adzukulu sanazitaye. Tidzasonkhanso yojambulitsira masamba amene anamatana aja. Anayi amene simunamalize ya basi mukudzidziwa. Amene anatenga ambulera yakuda ya a Hedi m'basi abwere nayo, ndipo chigubu chili kwa ine, chivindikiro chake sichinapezeke.