Dzenje labooka pakapinga

Abale anga, m'mawa uno ndikupita kokayanika zovala, mwendo wangoti phwatha, kulowa pansi mpaka m'bondo. Pakapinga pomwe ana amaseweretsa mpira pabooka dzenje, kukamwa kwake kochepa koma m'kati motakasuka. Ndapisamo nsungwi, yalowa yonse osagunda pansi.

Aneba akuti ndi mfuko, koma mfuko imasiya timilu ta dothi, apa palibe. Mwina panali chitsa, mizu yake inawola kapena kudyedwa ndi chiswe n'kusiya mphako. Paipi yodontha nayo imakokolola dothi mwakachetechete, ndiye ndatseka mipopi yonse kuti ndione ngati mita ikuyendabe. Koma mtima wanga uli pa chimbudzi chakale chokumba. M'mayadi ambiri anthu amangothiramo zinyalala, kufotsera ndi dothi pang'ono, kudzala kapinga pamwamba. Zinyalalazo zikawola, mvula n'kunyowetsa, nthaka imatitimira.

Chikundiwawa ndi ana. Akanagweramo wamng'onoyu bwenzi tikunena zina. Ndatchingapo ndi malata ndi njerwa, sitikwirira tisanadziwe chili pansipo. Eni nyumba, chonde muziwauza alendi anu pomwe panali zimbudzi ndi zitsime.