Njere za chimanga zandimasulira nkhani ya oima pawokha

Dzulo usiku cha m'ma 11 koloko ndi pomwe zinalowa m'mutu, ndipo mpaka pano mtima uli m'malo. Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa kugawana mavoti, makamaka pamene munthu woima payekha walowa mpikisano wa seneti (imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo) ku America, asayimenti ikufunika Lolemba koma ndimangowerenga tsamba lomwelomwe osatolapo kanthu. Magetsi anali atathima kuno ku Area 25, ndinakhala pakhonde ndi tochi ya pafoni, pambali pali lichero la chimanga chomwe amayi amapeta madzulo. Ndinatapa njere 100 n'kuziyala pa thebulo, ndinatenganso mbale zitatu kukhitchini.

Za lamulo la Duverger, lija loti kavotedwe ka wambiri watenga kamakonda kubala zipani zikuluzikulu ziwiri, ndi zoti wopeza mavoti ambiri ndiye wawina ngakhale asafike theka sindibwereza, tonse tinazidutsa semesita yoyamba. Chomwe chimandizunguza ine n'chakuti zitsanzo ziwiri zomwe tinapatsidwa zimaoneka ngati zikutsutsana.

Choyamba ndi Florida 2010. Charlie Crist anali gavanala, wa Republican, ataona kuti Marco Rubio amugwetsa pa mapulaimale anatuluka m'chipani n'kuima payekha. Ndinaika njere 49 mu mbale ya Rubio, 30 mwa Crist, 20 mwa Kendrick Meek wa Democrat, imodzi yotsalayo ya timagulu ting'onoting'ono. Ine nthawi yonseyi ndimaganiza kuti munthu akachoka m'chipani ndiye kuti wavulaza chipani chomwe wachokacho, ndiye Rubio anawina bwanji chonsecho Crist anachokera kwawo? Chachiwiri ndi Connecticut 2006, Joe Lieberman analuza mapulaimale a Democrat kwa Ned Lamont, sanafooke anaimabe, n'kuwina ndi mavoti pafupifupi 50 pa 100, Lamont 40, wa Republican Alan Schlesinger 10 yokha.

Nditayang'anitsitsa mbale ya Schlesinger ili ndi njere khumi zokha ndi pomwe ndinadzifunsa kuti kodi a Republican onse a ku Connecticut anapita kuti tsiku limenelo? Sanagone kunyumba ayi. Anakaponyera Lieberman. Ndiye kuti Lieberman anachokera ku Democrat koma anatapa kwambiri mu mbale ya Republican. Ndinabwerera ku Florida, chimodzimodzi koma mozondoka, Crist anachokera ku Republican koma njere zambiri anazitapa mu mbale ya Meek, ndiye anthu osafuna Rubio ndi amene anagawikana pawiri pomwe a Rubio anakhala mbale imodzi.

Ndiye funso si lakuti munthuyu wachokera chipani chiti, kapena aima anthu angati. Funso n'lakuti akutapa mu mbale ya ndani, ndipo atati wachokapo lero, njere zakezo zibwerera kuti. Basi. Ndinabwereza kangapo, kuchotsa mbale imodzi n'kugawa njere zake, kubwezeranso, kuchotsa ina, mpaka foni inatsala pang'ono kuzima. Ukachotsa Meek pafupifupi njere zake zonse zipita kwa Crist ndipo mpikisano ufika pothina, 50 kwa 49. Koma ukachotsa Crist si zonse zomwe zipite kwa Meek, ena ndi a Republican akale omwe abwerera kwawo. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake chipani nthawi zina chimalolera kusiya mwana wake yemwe.

Ku Maine 2012 akuluakulu a Democrat ku likulu sanaikepo mphamvu pa kandideti wawo Cynthia Dill, anangosiya Angus King woima payekha adutse, ndipo atalowa mu seneti anakakhala mbali yawo. Poyamba ndimaziona ngati kusakhulupirika kwa chipani, pano ndikuona kuti anawerenga mbale.

Kunena zoona njira ya njereyi ndikuona ngati ikuposa manotsi onse omwe ndalemba chaka chino, ndipo ndikukhulupirira kuti mutu uliwonse wa zisankho ungatheke nayo. Aliyense amene akuvutika atenge chimanga kaya nyemba kaya zitsekero za mabotolo, ayese ndi chisankho chathu cha 2019, njere 39 kwa Mutharika, 35 kwa Chakwera, 20 kwa Chilima, kenako aphatikize mbale ziwiri zomalizazo aone chomwe chinabala Tonse mu 2020 khothi litanena za 50+1. Dzanja likagwira njere mutu umatsatira, pepala silingakupatse zimenezo.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti m'kalasi izi zikanatenga mphindi khumi zokha. Aphunzitsi athu amabwera ndi masilaidi 40, kuwerenga mothamanga, ukakweza dzanja akuti nthawi yatha tikambirana sabata yamawa, sabata yamawayo n'kuyamba mutu wina. Ife ophunzira madzulo timafika titatopa kale, waweruka 5 koloko, walimbana ndi minibasi mu tauni pa mzere wautali uja, ukamakhala pansi theka la phunziro lapita. Sindikuti sadziwa zinthu, amadziwa kwambiri, koma sanayerekezepo n'kamodzi komwe ndi zakwathu kuno. Seneti ife tilibe, inali m'malamulo a 1994 koma anaichotsa mu 2001 isanakhalepo n'komwe, komabe aphungu athu amasankhidwa mwa njira yomweyo yoti wambiri watenga, ndipo mu 2019 oima pawokha 55 analowa mu Nyumba ya Malamulo. Ambiri timawadziwa mmene amayambira, mapulaimale avuta, wina akuti andibera, mawa wasindikiza zitenje zake ndi chizindikiro chake. Kungotchula zimenezo kalasi yonse ikanadzuka.

Pali pamodzi pomwe njere zanga zikukanabe. Ku Kansas 2014 Chad Taylor wa Democrat anachoka pa mpikisano ndipo Greg Orman woima payekha anatsala maso ndi maso ndi Pat Roberts wa Republican, Orman analuzabe. Ku Utah 2022 a Democrat sanaimike munthu, anasapota Evan McMullin woima payekha, Mike Lee wa Republican anawinabe. Ku Nebraska 2024 Dan Osborn woima payekha analibe wa Democrat womusokoneza, anayandikira ndithu koma Deb Fischer wa Republican anadutsa. Katatu konse mbale inachotsedwa bwinobwino, njere sizinakwane. Mwina madera amenewo ndi a Republican kwambiri moti palibe chikanasintha, ndiye kuyandikirako n'kupambana kale. Kapena mwina chipani chikangokusiyira malo anthu amayamba kukuona ngati ndiwe wawo wobisala, ndiye omwe umafuna kuwakoka mbali inayo amabwerera m'mbuyo, ndipo njere za chimanga sizisintha maganizo zikaona zimenezo pomwe anthu amasintha. Mu asayimenti ndikuganiza zolemba zonse ziwiri, koma yoti ndiime nayo sindinaisankhebe, ndiyesanso usiku uno ndi mbale zinayi.